Ulendo wa kwa Kuntumanji ndi Nyumba za Tiyi za m'Mbali mwa Chilwa

Palibe banja la m'chigawo chino limene silinadyepo matemba a ku Chilwa kapena mpunga wa m'madambo ake. Koma ambiri a ife nyanjayo timaidziwira m'mbale mokha, osadziwa anthu amene amatitumizira zakudyazo. Munthu akaima pa phiri la Zomba m'mawa, nayang'ana kotulukira dzuwa, amaona chigwa chachikulu cha see, ndi kutsogolo kwake madzi onyezimira ngati lata latsopano, chilumba cha Chisi chili njo pakati pake. Mbali ina ya dziko la kumadzulo kwa madziwo, cha kumene mtsinje wa Domasi ukathira m'dambo, ndi ya Mfumu Kuntumanji. Kumeneko tinayendako masiku asanu mu October 2024, mwezi wa Korona, pa galimoto yaing'ono, titanyamula mahema awiri, mphasa, miphika ndi chigubu cha madzi. Tifuna kukusimbirani za nyumba za tiyi za kumeneko ndi za anthu amene tinakomana nawo m'menemo, pakuti wofuna kudziwa moyo wa m'mbali mwa nyanjayo ayenera kuyamba wakhala pa benchi la m'nyumba ya tiyi.

Njira ya kunyanja

Tinanyamuka ku Zomba mbandakucha, kutsata msewu wa ku Liwonde, ndipo titafika cha ku Songani tinasiya tala ndi kutsikira kum'mawa pa msewu wafumbi. Nyengo ya chilimwe dziko lija limaoneka lotopa: udzu wapsa, minda ili gwa kudikira mvula, mthunzi upezeka pansi pa mitengo ya mango pokha. Njira yonse tinali kupatukira anthu a njinga okwera kumtunda, ena atamanga madengu a nsomba zouma, ena matumba a mpunga, thukuta lili kamukamu.

Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'dziko lathu, koma khalidwe lake ndi lina. Imalandira madzi a Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe wotulukamo. Madzi amachoka pokhapokha dzuwa likawamwa, nasiya mchere m'mbuyo. N'chifukwa chake ali ndi kamchere pa lilime. Ndiponso ndi yosaya, kotero kuti pamalo ambiri mwini bwato sapalasa, koma amakankha ndi mtengo wautali wofika pansi. David Livingstone ndi John Kirk anaiona mu April 1859 ili ndi madzi ambiri, ndipo m'makalata awo dzina lake analilemba kuti Shirwa. Koma mvula ikachepa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatana, madzi amathawa gombe tsiku ndi tsiku, mpaka nyanja kusanduka matope ong'aluka. Zinatero mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. M'zaka zabwino nyanja yomweyi yakhala ikupereka gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a nsomba zonse zophedwa m'Malawi. Tsono ganizani za anthu amene chuma chawo chimadza ndi kupita chotere.

Mlendo sakhoma chikhomo pa dziko la eni asanaonekere kwa mfumu. Choncho madzulo tinakagwada kwa a nyakwawa a mudzi wina wa kufupi ndi gombe, ndi kufotokoza za ulendo wathu. Iwo anatilandira bwino, natilozera malo pansi pa mtengo waukulu kuseri kwa nyumba yawo, natichenjeza kuti tisagone opanda masikito, popeza udzudzu wa m'dambo suopa mlendo. Tisanathe kumanga mahema, amayi a pakhomopo anali atatitumizira kale ndowa ya madzi osamba.

Nyumba ya tiyi ya pa msika

Pa kamsika ka pafupi ndi pamene tinagona pali nyumba za tiyi zitatu. Eni dziko amati tiyirumu. Musaganize za nyumba yaikulu ayi. Ndi kachipinda ka njerwa zosaotcha, denga la udzu kapena la malata akale, nsalu pakhomo, tebulo limodzi lalitali ndi mabenchi awiri. Kuseri kuli mafuwa, pamene ketulo yaikulu yakuda ndi mwaye imakhala ili kuwira kuyambira tambala woyamba kufikira usiku. Pa tebulo pali beseni la masikono, mandasi ndi zitumbuwa, lovundikira ndi nsalu yoyera chifukwa cha ntchentche. Wofika amasamba m'manja pakhomo, nakhala pamene papezeka malo, osasankha woyandikana naye. Tiyi amadza m'kapu yaikulu, wamkaka kapena wopanda mkaka, shuga wake wosaumira, pakuti omwa ake ndi anthu amene agwira ntchito m'madzi usiku wonse.

Khofi simumupeza m'nyumba zimenezi, ngakhale kuti mbewuyo inayamba kutchuka m'tsinde mwa phiri lomwe limaoneka munthu akaima pakhomo. Mu 1878 Jonathan Duncan, wosamala minda ya Mishoni ya Blantyre, anadza ndi timitengo ta khofi tochokera ku Edinburgh, ndipo pambuyo pake John Buchanan anatsegula minda ya khofi ku Zomba m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Mbewuyo inakula mbiri mpaka boma la atsamunda linajambula mtengo wa khofi pa chizindikiro cha dziko. Koma chitapita chaka cha 1900, mitengo ya malonda inagwa, tizilombo ndi chilala zinaononga minda, ndipo fodya, thonje ndi tiyi zinalowa m'malo mwake. Tiyi amene Henry Brown anabzala ku Mulanje mu 1891 ndiye anafika m'ketulo ya munthu wamba. Khofi wa ku Misuku ndi wa ku Thyolo, wambiri amapita kunja. Msodzi wa ku Chilwa amadziwa masamba a tiyi a m'kapepala, otsika mtengo, amene pang'ono pokha akwanira anthu khumi.

Mwini wa nyumba imene tinaizolowera ndi mayi wamasiye wa ana anayi. Amadzuka usiku ukadalipo kukatunga madzi ku mjigo mzere usanatalike, nakanda ufa wa masikono, nawaotcha mu uvuni wa njerwa, kuti asodzi potuluka m'madzi apeze zonse zili zotentha. Nkhuni amagula, pakuti m'dambo mulibe nkhalango, ndipo mtengo wake umakwera chaka ndi chaka. Tsiku lachiwiri, anthu atachepa, anatulutsa kope la ana a sukulu lothimbirira ndi utsi. Pa tsamba lililonse panali dzina la munthu, ndi pansi pake timizere: kamzere kamodzi, kapu imodzi. Ambiri mwa mainawo si a ubatizo kapena a mtundu, koma a pa gombe, amene asodzi amapatsana okhaokha.

Tinafunsa kuti, "Nanga mayi, amene sabweza mumatani nawo?"

Iwo anati, "Bambo, msodzi sakana ngongole ya tiyi, imene imakana ndi nyanja. Akapha amabwera yekha ndisanamuitane. Akapanda kupha, ndimmana bwanji madzi otentha munthu amene wagona m'mphepo?"

Pamenepo anatsegula masamba a 2018. Chaka chimenecho madzi atathawa, mabwato anatsala ali chagada pa matope, ndipo amuna anabalalika: ena ku Malombe, ena ku Nyanja ya Malawi, ena ku Chiuta, ena kutsidya ku Mozambique. Nyumba ya tiyi inatsekedwa miyezi yambiri, mayi uja nadyetsa ana ake ndi maganyu. Mvula yaikulu ya mu 2019 itabweza madzi, amuna aja anayamba kubwerera mmodzimmodzi, ndipo ambiri, asanakonze n'komwe maukonde awo, anadza kudzafafaniza timizere tawo. Masamba ena akadali osafafaniza mpaka lero. Titafunsa chifukwa chake sawang'amba, anati, "Ndikang'amba tsambali ndiye kuti ndamuika m'manda munthu ali moyo. Likakhala, ndidziwa kuti tsiku lina adzatulukira, kapena adzabwera mwana wake kudzandiuza kumene anagona."

Akale anati kupatsa n'kuika. Mayi ameneyu alibe nkhokwe ya ndalama. Chuma chake anachiika mwa anthu oyendayenda, amene alibe chikole china koma mawu awo. Ndipo kopelo lagwira ntchito imene mwini wake sanaiganizire poyamba: akafika munthu wochokera ku Phalombe kapena ku Mulanje kufunafuna mbale wake amene anasiya kutumiza mawu kunyumba, amayamba wafunsa ku nyumba za tiyi, pakuti m'makope amenewa ndimo mulembedwa amene anadutsa pa gombe ndi nthawi imene anaonekera komaliza.

Anthu a pa benchi

Mmawa uliwonse tinapeza pangodya nkhalamba ina ya Chiyao, mzuli woyera kumutu, imene anthu onse amaitchula kuti agogo. Nyanja yauma katatu iwo akuona. Anatisimbira za chaka cha 1995, pamene anthu anali kupita ku Chisi wapansi ndi pa njinga, kudutsa pamene kale anali kuponya makoka. Tinawafunsa kuti, "Agogo, nanga madzi akauma chotere, nsomba zimachokeranso kuti?" Anayankha kuti matemba, makumba ndi milamba sizifa zonse, zina zimathawira m'maiwe a m'mitsinje ndi m'matawale a kumathiriro, ndipo madzi akabwera zimatsika ndi kuswana, kotero kuti pakapita zaka ziwiri kapena zitatu nyanja yadzalanso. N'chifukwa chake m'chilala cha 1995 mafumu ndi alangizi a za nsomba analetsa kuthira katupe ndi kukoka makoka m'maiwemo, naika anthu a m'midzi kuti aziwalonda. Agogo aja anatsiriza ndi mawu akuti, "Amene adya mbewu sadzaona khasu likumuthandiza." Lamulo loletsa makoka m'miyezi ya mvula, pamene nsomba ziswana, gwero lake ndi nzeru yomweyo.

Dziko la kwa Kuntumanji ndi la Ayao, Anyanja ndi Alomwe, Asilamu ndi Akhristu a mipingo yosiyanasiyana. M'nyumba ya tiyi mulibe mowa. Choncho ndi malo amene onse amakhala pamodzi opanda wokhumudwa. Tinaona mphunzitsi wa katekisimu ndi mwalimu wa ku mzikiti atakhala benchi limodzi, kugawana sikono imodzi, ali kukambirana za mjigo wothyoka ndi za amene ayenera kusonkha ndalama zoukonzera. Wina akaitanidwa ndi belu, wina ndi mawu a pa mzikiti, amalawirana mwaulemu, ndipo mawa lake nkhani ipitirira pamene inalekera.

Tinakomananso ndi mayi wa ku Namasalima, mlimi wa mpunga, amene anadza kudzagulitsa thumba la Faya kuti alipirire mwana sukulu. Iye mantha ake si chilala, koma madzi ochuluka. Kwawo kuli khoma la dothi lotchinga mtsinje wa Domasi, ndipo mvula ikalimbika kumapiri, anthu sagona tulo. Madzi osefukira a mu January 2015 ndi a namondwe wa Freddy mu March 2023, amene anasautsa chigawo chonse cha kummwera, sanawasiye madambo amenewa. Pamene anali kulankhula, msodzi wa pambali pake anati madzi omwewo ndiwo anadzaza nyanja. Onse awiri anaseka, mayi uja nati, "Achimwene, walira mvula walira matope, koma matopewo anagwera ife, nsomba zinagwera inu." Ndipo msodziyo anamulipirira kapu yachiwiri.

Chinthu china chinatikondweretsa. Anyamata ang'onoang'ono amakopeka ndi ndalama ya msanga ya pa gombe, nasiya sukulu kukakoka makoka. Tsiku lina awiri otere analowa nthawi ya maphunziro, ndalama ili m'manja. Mwini nyumba anawayang'ana, nati, "Ana anga, tiyi wa ana a sukulu amapsa akaweruka. Pitani." Anatuluka mwamanyazi, ndipo panalibe wamkulu ndi mmodzi yemwe amene anawaikira kumbuyo.

Nyumba ya tiyi yoyandama

Tsiku lachinayi tinasiya galimoto ndi mahema m'manja mwa a nyakwawa, ndi kukwera bwato. Poyamba tinadutsa m'timipata ta pakati pa njedza, udzu wautali wa m'madzi umene wazinga nyanja ngati mpanda. Akakowa anali mbuu m'mbali, atsekwe akuuluka m'magulu, nkhwazi ili kulira patali. Patapita maola awiri tinafika ku zimbowera.

Chimbowera ndi nyumba ya pamadzi. Asodzi amadula njedza, naiunjika mpaka ikhale chiunda chochindikala choyandama, namangapo kakhumbi ka udzu. M'menemo amakhala masabata, ena miyezi, osaponda mtunda, chifukwa kumene kuli nsomba n'kutali ndi gombe. Ndipo pakati pa zimbowera zotere palinso nyumba ya tiyi, yoyandama ngati zinzake. Pansi pake pamanyenya munthu akaponda. Mbaula imakhala pa lata lomata ndi dothi, kuopa moto; pa denga pali kasola kotchajira mafoni ndi kuyatsira wailesi. Mwini wake, bambo wa zaka zapakati wochokera ku Phalombe, amagulitsanso mchere, machesi, sopo ndi mbedza. Iye ndiye amasunga ndalama za asodzi kuti zisanyowe kapena kubedwa, ndiye amalandira mauthenga a maliro ndi a matenda ochokera kumidzi, natuma bwato kukauza mwini uthenga.

Pano m'pamene tinamvetsa kulemera kwa kapu ya tiyi. Pa zimbowera palibe mjigo, palibe chimbudzi. Madzi amene munthu asambamo ndi kutayamo zonyansa ndi omwewo amene ali pafupi akamva ludzu. N'chifukwa chake matenda a kolera akhala akubuka kawirikawiri pa nyanjayi. Kumapeto kwa 2015 anabukanso, nagwira makamaka asodzi. Mu 2016 a Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi a Médecins Sans Frontières anadza ndi katemera wakumwa, amene amamwedwa kawiri, pakati patapita masabata awiri. Koma adzampeza bwanji kachiwiri munthu wosakhala malo amodzi? Anatsata asodzi ku nyumba za tiyi za pamadzi, kumene amasonkhana. Anawamwetsa koyamba, nawapatsa kabotolo kachiwiri m'kathumba kuti akamwe okha tsiku lake likakwana. Kumene kulibe chipatala kapena bwalo la mfumu, nyumba ya tiyi ndiyo inakhala khomo lofikira anthu.

Mwini nyumbayo anatiuza kuti amaitanitsa zigubu za madzi a pa mjigo pa mabwato obwera kudzagula nsomba, ndipo zikatha amawiritsa a m'nyanja mpaka agadutse. Anati, "Abambo anga, ambiri kuno madzi owiritsa amene amalowa m'mimba mwawo tsiku lonse ndi a m'ketulo yangayi basi." Tikumbuke kuti mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga mu March 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko lonse usanathe. Wowiritsa madzi ali kugwira ntchito ya chifundo, ngakhale iye aiyesa malonda chabe.

Tisanachoke, mnyamata wina wa ku Mulanje, ataona korona m'manja mwa mmodzi wa ife, anasendera pafupi, nanena motsitsa mawu kuti nayenso ndi Mkatolika, koma papita miyezi isanu asanamve Misa. Anasiya mkazi ndi khanda kumudzi, ndipo afuna kubwerera atapeza ndalama ya malata. Anatulutsa korona yake ya m'khosi, yothimbirira ndi utsi wowambira nsomba, natipempha kuti tipemphere naye. Tinanena khumi limodzi pomwepo, chimbowera chili kugwedezeka; Asilamu awiri amene anali kumwa tiyi anatsitsa wailesi, nakhala chete mpaka tinatsiriza.

Lamulungu tinapemphera ndi akhristu a tchalitchi laling'ono la kumtunda. Wansembe amafikako mwa apo ndi apo, pakuti parishi ndi yotambalala. Mwambo anatsogolera mphunzitsi uja wa pa benchi. Pa mapemphero a akhristu, mayi wina anaimirira napempherera amuna onse a pamadzi, a kuno ndi obwera, kuti abwerere kwawo amoyo. Titatuluka tinakalawira a nyakwawa, tinapasula mahema, ndi kukwera kubwerera ku Zomba, m'galimoto muli kununkhira matemba amene anatipatsa.

Mawu kwa mabanja athu

Tsono abale, za ulendowu titolepo zinthu zinayi zoyenera pakhomo pa mkhristu.

Choyamba, ngongole yaing'ono ndi ngongole ndithu. Ambiri tili ndi dzina m'kope la mayi wa pa msika, la mwini okala kapena la wogaya chimanga. Iwo anatikhulupirira opanda mboni. Ana awo amadya pamene ife tabweza. Ngati asodzi obwerera kuchokera ku Malombe anakumbukira timizere ta chaka chatha, ife a malipiro a pamwezi tidzawiringula chiyani?

Chachiwiri, nyengo ya mvula ndi nyengo ya matenda a m'mimba. Wiritsani madzi akumwa kapena thiranimoni mankhwala, vundikirani chakudya, konzani chimbudzi, ndipo katemera akafika m'dera lanu musabise ana.

Chachitatu, pogula nsomba ndi mpunga musanenerere mopanda chifundo. Kambale ka matemba kamene mukufuna kukatsitsa mtengo kadutsa m'manja mwa munthu wogona pa udzu woyandama, mwa mayi woyanika padzuwa, ndi mwa mnyamata wopalasa njinga mailosi ambiri. Ndipo m'malimana mwathu tifufuze mabanja amene bambo ali kunyanja kapena ku ntchito zakutali. Tiwayendere, kuti mayi ndi ana asakhale ngati amasiye mwini nyumba ali moyo.

Chachinayi, mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Anthu a kwa Kuntumanji, amene nyanja yawo imawapatsa lero ndi kuwalanda mawa, sanatifunse za mpingo kapena za mtundu wathu asanatipatse pokhala. Pakhomo pathu pasasowe madzi otentha ndi mpando wa munthu wodutsa.

Petulo Woyera ndi Andrea Woyera, amene anadziwa kuchezera usiku wonse pamadzi, apempherere asodzi a ku Chilwa; ndipo Amayi Maria asunge mabanja awo ndi anu onse. Pa Korona ya madzulo ano, khumi limodzi likhale lawo.